Nthenda ya matuza imene matuza ake saoneka

Ndinayankha mothamanga, mokwezanso mawu, moti mpaka lero anzanga akafuna kundiputa amangoti "senkobo". Linali Lachiwiri m'mawa, phunziro la matenda a pakhungu la ziweto. Adokotala amene amatiphunzitsa anaonetsa chithunzi pakhoma: hatchi yofiirira, kumaso konse kuli nkhanambo, ubweya wa m'khosi ndi m'miyendo utathothoka apa ndi apo, kunsi kwa mimba kutatupa ngati yameza mtsamiro. Asanamalize n'komwe funso, ine dzanja linali kale m'mwamba.

"Imeneyo ndi senkobo, adokotala."

"Kachilombo kake mwakaona?"

"Ayi, koma nkhanambo zakezo..."

Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera okha. Kenako anatiwerengera mbiri ya hatchiyo pang'onopang'ono. Imagona m'khola lofolera bwino, mvula siyiinyowetsa. Yabayidwa penicillin kwa masabata awiri, palibe chasintha. Yasambitsidwa ndi mankhwala opha tizilombo, nkhanambo zimachoka n'kubweranso. Mahatchi ena amene imadya nawo, kugona nawo, ngakhale kupesedwa ndi bulashi imodzimodzi, onse ali bwinobwino. "Tsono achimwene, ndi kachilombo kanji kamene kamasankha hatchi imodzi m'khola lonse, n'kukananso mankhwala onse?" Kalasi yonse inafa ndi phwete.

Sikuti ndikudziikira kumbuyo, koma yankho langalo linali ndi pochokera. Ndinakulira kumudzi koweta ng'ombe, ndipo dzinja lililonse tinkaona zina zitatuluka nkhanambo pamsana, ubweya utamatirana timagulumagulu ngati nsonga ya bulashi yopentera. Senkobo imayamba ndi bakiteriya yotchedwa Dermatophilus congolensis, imene inafotokozedwa koyamba mu 1915 pa ng'ombe za ku Congo, n'chifukwa chake dzinalo. Imakonda khungu lokhalira kunyowa ndi lolumidwa ndi nkhupakupa zamawangamawanga zija za mtundu wa Amblyomma. Imagwiranso mahatchi, ndipo pa chithunzi imafanana ndithu ndi zimene ndinaonazo. Koma kulakwa kwanga kwenikweni sikunali pa dzina la nthenda. M'mutu mwanga, nthenda iliyonse inkayenera kukhala ndi mdani wochokera kunja: kachilombo, nkhupakupa, nyongolotsi, kapena chiphe. Ife a m'badwo uno tinakula tikumva pa wailesi za asilikali a m'thupi. Tinaphunzira kuti chitetezo chikatsika munthu amadwaladwala, chikakwera ndiye mwayi wake. Sizinandibwerepo m'mutu kuti asilikali omwewo, ali amphumphu ndi amphamvu, angatembenuke n'kuyamba kuwombera mudzi umene akuulondera.

Hatchi ija inali ndi pemphigus foliaceus. Ndi nthenda yosowa, koma mwa matenda onse a pakhungu amene thupi la hatchi limadzilimbana nalo lokha, iyi ndi imene imapezeka kwambiri. Dzinalo lili pawiri: pemphix ndi mawu a Chigiriki otanthauza thuza, ndipo folium ndi tsamba m'Chilatini, popeza khungu limayoyoka ngati masamba ouma. Anaitchula choncho ndi dokotala wa ku France, Cazenave, mu 1844, ataiona pa anthu. Madokotala a ziweto anadzazindikira patapita zaka zoposa zana kuti agalu, amphaka, mbuzi ndi mahatchi nazonso zimadwala nthendayi.

Ndinakhala nayo masabata atatu nkhaniyi, mwina chifukwa cha manyazi aja. Chimene chinanditengera nthawi ndi kumvetsa mmene khungu limagwirirana. Gawo lapamwamba la khungu ndi maselo osanjikizana, otchedwa keratinocyte. Amabadwira pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono, akuphwathalala, mpaka kufa n'kuyoyoka pamwamba. Paulendo wonsewo selo lililonse limakhala lomangirizidwa kwa anzake ndi timfundo tating'onoting'ono totchedwa desmosome. Mabuku amakonda kuyerekeza ndi njerwa ndi simenti, koma ine fanizo limenelo silinandilowe. Chinandithandiza ndi mphasa. Mphasa ndi bango losokedwa ndi chingwe. Mukadula chingwecho, bango lililonse limakhala lidakali lathunthu, losathyoka, losafumbwa, koma mphasa palibenso. Ndi zimene zimachitika apa. Thupi limapanga ma antibody amene amakamatirira pa mapuloteni a timfundo tija, timfundoto timamasuka, maselo n'kusiyana. Selo limene linali ndi ngodya chifukwa chokokedwa ndi anzake mbali zonse limabulungika ngati kadzira, n'kumayandama lokha m'madzi ndi mafinya. Kumasuka kumeneku amakutcha acantholysis, ndipo mawu amenewa ndinawalemba kakhumi pa pepala ndisanathe kuwatchula osapunthwa.

Pa anthu, puloteni imene imagwidwa ndi ma antibody amenewa ndi desmoglein 1. Kwa zaka zambiri anthu ankangoti pa agalu ndi chimodzimodzi, mpaka mu 2012 pamene ofufuza anaonetsa kuti pa agalu ambiri puloteni yake ndi ina, desmocollin 1. Adokotala athu anaima pamenepa n'kutichenjeza kuti tisamatenge buku la anthu n'kuliveka hatchi ngati chishalo. Zimene zinapezeka pa munthu ndi poyambira kufunsa, osati yankho.

Mbiri ya mmene zinadziwikira kuti thupi likudziukira lokha inandikoma kuposa mmene ndinkayembekezera. Mu 1964, ku Buffalo m'dziko la America, Ernst Beutner ndi Robert Jordon anapeza ma antibody amenewa m'magazi a odwala pemphigus, atawaunikira ndi utoto wowala pa maikulosikopu. Jordon nthawi imeneyo anali adakali mwana wa sukulu ya udokotala, chinthu chimene ndinakauza mnzanga wogona naye chipinda chimodzi pakati pa usiku, iye n'kungoti ndizimitse nyale. Koma kupeza ma antibody m'magazi si umboni woti ndi amene akuyambitsa nthenda; munthu wopezeka pamaliro si ndiye wapha. Umboni unabwera mu 1982, pamene Grant Anhalt ndi anzake anatenga ma antibody a odwala pemphigus n'kubaya tiana ta mbewa tongobadwa kumene. Tiana tija tinatuluka matuza. Panalibe kachilombo, panalibe chiphe, koma asilikali a munthu wina basi.

Tsono apa ndi pamene panandisokoneza kwambiri. Nthenda imene dzina lake likutanthauza thuza, mwini hatchi sadzakuuzani kuti waona matuza. Chifukwa chake n'chakuti kumasuka kuja kumachitikira pamwamba penipeni, pansi pa kachikopa kouma kotsiriza. Denga la thuzalo ndi lopyapyala ngati khoko la anyezi. Silichedwa kuphulika, hatchi ikangodzikhula pa mtengo kapena kugubuduka m'fumbi, latha. Ubweya nawonso umabisa. Ndipo kunena zoona si thuza la madzi oyera ngati la kupsa ndi moto, koma kathumba ka mafinya kakang'ono. Chimene chimatsala, chimene mwiniwake amabwera nacho kwa inu, ndi nkhanambo, timakoko touma toyoyoka ngati gaga, ndi malo othothoka ubweya. Kawirikawiri zimayambira kumaso kapena m'miyendo. Nthawi zina zimayambira pa mzere uja umene ubweya umathera ndipo chiboda chimayambira, ndipo pa mahatchi ena zimakhala pompo osapita kwina. Pa ambiri zimafalikira thupi lonse m'masabata kapena miyezi yochepa. Miyendo ndi kunsi kwa mimba zimatupa, nthawi zina nkhanambo zisanachuluke n'komwe. Hatchi imatentha thupi, imafooka, imaonda. Ina imayabwidwa, ina imamva ululu ikakhudzidwa moti siyilola kupesedwa.

M'kamwa mumakhala mulibe zilonda, ndipo ichi chinandidabwitsa popeza m'kamwanso muli maselo omangirizana. Malongosoledwe amene anachokera ku kafukufuku wa anthu ndi mbewa ndi akuti m'kamwa ndi m'munsi mwa khungu muli puloteni ina yachibale, desmoglein 3, yochuluka mokwanira kugwiriziza maselo ngakhale inzake itagwidwa. Pamwamba penipeni pa khungu ndi pokhapo pamene desmoglein 1 ili yokha, yopanda woithandiza. Kunena mwa mphasa yanga ija, malo ena anasokedwa ndi zingwe ziwiri, ena chimodzi. Podula mtundu umodzi wa chingwe, pomasuka ndi pamene panali chimodzipo.

Gawo limene linasintha manja anga, osati mutu wokha, ndi la kapimidwe. Chiyambire chaka choyamba takhala tikuphunzitsidwa ukhondo: meta ubweya, tsuka, pukuta ndi spiriti, kenako gwira ntchito. Kumudzinso n'chimodzimodzi, chiweto chikakhala ndi nkhanambo timazikhula mpaka pafiire kuti mankhwala alowe. Pa nthenda iyi, kuchita zimenezo n'kutaya umboni. Maselo obulungika aja amakhala m'kathumba ka mafinya kaja, ndipo kakaphulika amakanirira m'nkhanambo, mizeremizere, kuphulika kulikonse n'kusiya mzere wake. Nkhanambo imene ndikanathamangira kuichotsa ndi imene yasunga mbiri yonse ya nthenda.

Choncho umayamba n'kufunafuna kathumba kamene sikanaphulike, kuseri kwa khutu, m'mbali mwa malo amene angoyamba kumene, ukupatula ubweya ndi zala. Ukakapeza umakaboola ndi singano n'kupaka mafinyawo pa kagalasi. Ukapanda kukapeza, umatukula nkhanambo yatsopano mosamala n'kudinda kagalasi pa mbali yonyowa ya kunsi. Ukatero umaumitsa, kunyika mu utoto wa Diff-Quik, n'kuunika. Njira yoona maselo a m'thuza motere inatchuka ndi Arnault Tzanck wa ku Paris mu 1947, ndipo chimene ndimaikondera n'chakuti siyifuna makina odula: kagalasi, utoto, ndi maikulosikopu wamba, zinthu zimene labu yaing'ono ingakhale nazo. Pa tsiku la pulakitiko hatchi panalibe, choncho anatipatsa kagalasi kakale kochokera kwa galu. Ndinakhala pa mpando kuyambira titangodya nkhomaliro, ndikungoona ma neutrophil okhaokha, maselo oyera a m'magazi amene amadzaza m'mafinya, khamu losatha. Anzanga anayamba kulongedza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nthawi itatsala pang'ono kukwana 4 koloko ndinawaona chakumphepete: maselo asanu kapena asanu ndi limodzi, aakulu kuposa ena onse, obulungika, abuluu woderapo, nyukiliyasi ili pakati, atagundana ngati mabwato pa doko. Mozungulira monsemo ma neutrophil anali athunthu, osaphwanyika, ndipo bakiteriya panalibe ndi mmodzi yemwe. Ikanakhala senkobo yanga ija, ndikanaona timadontho tondondozana m'mizere iwiriiwiri ngati njanji ya sitima. Zinthu ziwirizi pa chithunzi cha hatchi zimafanana, koma pa kagalasi ngakhale mwana angazisiyanitse.

Ndinatuluka m'labumo ndikudzimva ngati katswiri, ndipo mawa lake adokotala anandibwezanso pansi. Maselo obulungikawo si chidindo cha pemphigus yokha. Chipere cha mahatchi, choyamba ndi fangasi yotchedwa Trichophyton equinum, nthawi zina chimamasulanso maselo mofanana ndendende. Apa ngozi yake ndi yoonekeratu. Mankhwala a pemphigus ndi otsitsa chitetezo. Mukawapereka kwa hatchi ya chipere, mwamanga manja asilikali amene amalimbana ndi fangasiyo, ndipo chipere chimayala thupi lonse, n'kugwiranso mahatchi ena ndi anthu owasamalira. N'chifukwa chake umazula ubweya n'kutumiza ku labu kuti akameretse fangasi ngati ilimo, ndipo wa ku labu amathira utoto wapadera wa PAS woonetsa fangasi asanalembe yankho lake.

Palinso chinthu china chimene chinandilumikizira nthenda yachilendoyi ku khola la kwathu. Aliyense woweta nkhumba anaonapo tiana tonona khungu ngati tapakidwa girisi, tokhala ndi nkhanambo zabulauni, tina n'kufa. Nthenda imeneyo imayamba ndi bakiteriya yotchedwa Staphylococcus hyicus, ndipo chiphe chimene imatulutsa chimadula desmoglein 1, puloteni yomwe ija. Mbale wake Staphylococcus aureus amachita zomwezo pa makanda a anthu, khungu n'kusupuka ngati lathiridwa madzi otentha. Chodulidwa ndi timfundo tomwe tija togwiriziza maselo. Kusiyana kuli pa mwini mpeni. Pa kankhumba ndi mlendo, pa hatchi ija ndi wa m'nyumba momwemo. Nditazindikira zimenezi ndi pamene mutu wonsewu unasiya kukhala mawu oloweza.

Chitsimikizo chenicheni chimachokera pa kudula kachidutswa ka khungu. Umagwiritsa ntchito kachitsulo kozungulira ka mamilimita 6 kapena 8, malo angapo osati amodzi, posankha pamene pangoyamba kumene. Sumeta, sutsuka, supukuta. Mankhwala ochititsa dzanzi umabaya kunsi kwa khungu. Kachidutswako kamalowa mu formalin wa 10 peresenti, mankhwala oletsa kuwola, pamodzi ndi nkhanambo yake, ndipo nkhanamboyo ikagwa umaitola n'kuiponya m'botolo momwemo, n'kulemba pa fomu kuti ilimo, kuopa kuti wa ku labu angaiyese chinyalala. Chimene chimaononga kawirikawiri ndi jakisoni wa dexamethasone, steroid wotsitsa chitetezo, woperekedwa kale. Pano ndinena maganizo anga. Tili ndi chizolowezi, ife ophunzira ngakhalenso ena amene ali kale pa ntchito, chobaya mankhwala opha bakiteriya pamodzi ndi steroid "kuti tione kaye". Chiweto chimapezako bwino masiku angapo, mwiniwake amayamika, koma zizindikiro za pa khungu zimazilala, ndipo podzadula kachidutswa yankho limabwera losamveka. Ndikumvetsa chifukwa chake timatero: labu ili kutali, mwini chiweto akufuna kuona kuti wachitapo kanthu lero. Komabe kagalasi kamodzi kodindidwa jakisoni asanalowe sikatenga ngakhale mphindi zisanu.

Matenda ena a m'banja lomweli tinangowadutsa, ndipo inenso ndingowadutsa. Pemphigus vulgaris imamasula maselo a pansi, choncho zilonda zake n'zakuya ndipo zimagwira m'kamwa. Bullous pemphigoid, imene Walter Lever anaisiyanitsa ndi pemphigus mu 1953, siyimasula selo ndi selo koma imatukula gawo lonse lapamwamba kulichotsa pa maziko ake, pogwira puloteni yotchedwa collagen XVII. Onse awiri ndi osowa kwambiri pa mahatchi ndipo mathero ake nthawi zambiri si abwino. Imene ndinaisokoneza mu notsi zanga ndi junctional epidermolysis bullosa, yodziwika pa mahatchi akuluakulu okoka katundu a mtundu wa Belgian ndiponso pa American Saddlebred. Ndinailemba pamodzi ndi enawa chifukwa nayo ndi ya matuza, koma iyo chitetezo sichikhudzidwa. Ndi yobadwa nayo: mwana wa hatchi amabadwa alibe puloteni yomata khungu yotchedwa laminin, khungu limasupuka, ziboda zimatha kuvuka, ndipo sakhalitsa. Kumeneko mankhwala palibe. Oweta amapimitsa DNA ya makolo asanawakweretse.

Za mankhwala a pemphigus foliaceus zimamveka zapafupi pa pepala. Tsitsani chitetezo ndi steroid wambiri mpaka nkhanambo zatsopano zisiye kutuluka, kenako chepetsani pang'onopang'ono kwa masabata ndi miyezi, kufikira muyezo wochepetsetsa umene ukugwirabe nthendayo. Mankhwala ake ndi prednisolone kapena dexamethasone. Prednisone, amene dzina lake limasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, sagwira bwino pa hatchi chifukwa akamwa salowa mokwanira m'magazi, ndipo funso limeneli linabwera pa mayeso. Zapafupizo zinatha nditatenga cholembera. Muyezo woyambira wa prednisolone ndi miligalamu 1 mpaka 2 pa kilogalamu iliyonse tsiku lililonse. Hatchi ya makilogalamu 500, pa muyezo wotsikawo, ikufuna mamiligalamu 500. Timapiritsi timene timapezeka m'mafamase ambiri ndi ta mamiligalamu 5. Ndiye kuti mapiritsi 100 pa tsiku, 700 pa sabata, ongoyambira. Ndinabwereza masamuwo kawiri poganiza kuti ndaphonya dontho. Wina ayenera kuwasinja, kuwasakaniza ndi chakudya, n'kuimirira pompo mpaka hatchi imalize, m'mawa uliwonse, mwina moyo wake wonse. N'chifukwa chake dexamethasone, amene amafunika wochepa kwambiri pa kilogalamu, amakopa anthu ngakhale ali ndi zovuta zake.

Choopsa chimene aliyense amatchula ndi laminitis, kutupa kwa timinofu tolumikiza chiboda ku fupa la m'kati. Hatchi yake imaima motsamira kumbuyo ngati ikuopa kuponda moto, ndipo zikafika poipa fupalo limapendekeka m'kati mwa chiboda. Kuwerenga kwanga kunandionetsa kuti chiopsezochi n'chachikulu makamaka pa mahatchi onenepa ndi amene thupi lawo limavutika kale ndi insulin, yowongolera shuga m'magazi, osati pa hatchi iliyonse mofanana. Komabe wopereka steroid kwa miyezi amagwira ziboda tsiku ndi tsiku kumva ngati zatentha. Pofuna kuchepetsa steroid, ena amawonjezera azathioprine, ngakhale kuti pa hatchi amalowa m'magazi pang'ono chabe akamwedwa. Mabuku akale amatchulanso majakisoni a golide, aurothioglucose, ndipo ndinaseka nditawerenga kuti hatchi inkabayidwa golide sabata ndi sabata. Mankhwala amenewo anasiya kupangidwa.

Msinkhu umasintha nkhani yonse. Ana a hatchi osakwana chaka amachira bwino, ndipo ambiri amatha kusiyiratu mankhwala nthenda osabweranso. Akuluakulu nthawi zambiri amafuna mankhwala moyo wonse, nthenda imabwerera akangochepetsa mofulumira, ndipo ena amaphedwa mwachifundo chifukwa cha laminitis kapena chifukwa mwiniwake watopa ndi mtengo wake. Ndinazindikira kuti pokambirana ndi mwini hatchi, funso la zaka zake liyenera kubwera msanga, musanamulonjeze kalikonse.

Chimene chimayambitsa kuti asilikali atembenuke ndi chimene chinandisochezera ku Brazil usiku wina. Kumeneko pemphigus foliaceus ya anthu imapezeka mochuluka m'midzi ina ya m'mphepete mwa mitsinje, ndipo amaitcha fogo selvagem, kutanthauza moto wolusa, chifukwa cha mmene khungu limawotchera. Pa mudzi wa Limão Verde wa anthu a mtundu wa Terena, m'chigawo cha Mato Grosso do Sul, pafupifupi anthu 3 pa 100 alionse anapezeka nayo. Ofufuza akhala akuganizira kulumidwa ndi tizilombo touluka, kuphatikizapo tintchentche takuda ta mtundu wa Simulium, tomwe kuno timatidziwa chifukwa cha nthenda yoyabwitsa thupi ndi kuononga maso ya onchocerciasis ku Thyolo. Ganizo lake n'lakuti thupi limapanga ma antibody olimbana ndi malovu a kachilomboko, ndipo pa anthu ena ma antibody amenewo amasokoneza puloteni ya khungu ndi ya m'malovuyo. Galu wa pakhomo wathamangitsa wakuba mumdima n'kuluma mwini nyumba chifukwa avala malaya ofanana. Pa mahatchi anthu amakambanso za nyengo, dzuwa, tizilombo toluma ndi mankhwala ena monga zoutsa nthendayi. Kafukufuku wa mahatchi 20 wa ku University of California, Davis, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kuti ambiri anayamba kudwala pakati pa September ndi February, nyengo yozizira ya kumeneko, pomwe mabuku ena amati imakula nthawi yotentha. Ndinaphunzirapo kuti pa nthenda yosowa chonchi, ziganizo zolimba za m'mabuku zimatsamira pa ziweto zochepa zedi. Nkhani yoti mtundu wa Appaloosa umadwala kwambiri ilinso choncho: ena anaiona, kafukufuku wa ku Davis uja sanaione.

Mnzanga uja wa nyale anandifunsa tsiku lina tikudya kuti ndikuvutikiranji. "Aise, mahatchi m'dziko muno alipo angati? A pa phiri la Zomba, a ku Kande, ndi a anthu ochepa a m'mafamu. Udzapuma pa ntchito usanaione nthenda yakoyo." Sanalakwe kwenikweni. Ndinamuyankha kuti agalu ndi amphaka amadwalanso, mbuzi nazonso, ndipo inalembedwapo ngakhale pa bulu. Abulu ndiye tili nawo, akukoka ngolo za njerwa ndi mbatata ku Dedza ndi m'mbali mwa Lilongwe, ndipo bulu wa nkhanambo sapita ku labu. Amapakidwa oilo wakuda wa galimoto n'kubwerera pa goli. Iye anangogwedeza mutu n'kupitiriza kudya.

Sabata yatha amalume anandiimbira foni kuchokera kumudzi. Bulu wawo wamkazi watuluka nkhanambo kumaso ndi m'makutu, ubweya ukuthothoka, ndipo ankafuna ndiwauze dzina la jakisoni woti akagule. Ndinawafunsa ngati mnzake wa pa goli nayenso wayamba, ngati akudzikanda, ngati miyendo yatupa, ndiponso ngati amagona pa mvula. Anati mnzakeyo akudzikhulanso pa mtengo. Mwachidziwikire ndi mphere, mwinanso senkobo yanga yomwe ija, ndipo ndikapeza choncho ndikondwera chifukwa mankhwala ake ndi apafupi. Komabe ndaika m'chikwama timagalasi khumi, singano, kampeni kopalira khungu ndi kabotolo ka formalin kamene ndinapempha ku labu.

"Amalume, ndikubwera Loweruka. Chonde musamusambitse, musamukhule, ndipo oilo uja musamupake."

Kunali zii kwa kanthawi, kenako ndinamva akuuza azakhali chapansipansi kuti mwana uja sukulu yamuzunguza mutu.

"Ndiye ukuti ndimusiye ndi litsiro lakelo mpaka Loweruka?"

"Eya, amalume. Litsirolo ndi limene ndikudzera."